Tafunsani Abusa: Ndiyankhule, kapena ndisunge mbiri yanga?

FUNSO

Abusa, ndine mkulu wa mpingo pa tchalitchi china cha mbali ya ku Kawale kuno. M'dera lomwe ndimayang'anira muli mtsikana wa zaka 15, wa Fomu 1, woimba kwaya, yemwe wapezeka ndi pathupi. Amakhala ndi agogo ake ogulitsa makala. Nditapita kukawaona, mwanayo anaulula akulira, agogo ake ali pomwepo, kuti mwini mimbayo ndi bambo wina wa mumpingo mwathu momwemo amene ankamulipirira fizi. Bambo ameneyu ndiye anagula malata onse a tchalitchi chathu chatsopano, ndiponso ndi wapampando wa komiti ya chitukuko.

Kubwalo la akulu a mpingo mtsikanayo amudula kale, dzina lake analilengeza Lamulungu anthu ali thothotho. Za bamboyo palibe anayerekeza kutchula. Nditayesa kukhudzako, mnzanga wina anandikoka jekete n'kundinong'oneza kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Agogo aja alandira matumba awiri a chimanga ndi kandalama, akuti nkhani ithere pomwepo.

Ine ndatumikira nthawi yaitali popanda banga. Anthu amandipatsa ulemu, amanditenga unkhoswe, pamaliro ndimayankhula, ndipo chaka chino dzina langa likumveka pa ulembi wa mpingo. Mayi a kunyumba akuti ndikatsegula pakamwa anthu adzati ndi nsanje, ena adzati mwina mimbayo ndi yanga ndikufuna kukankhira wina. Kodi Baibulo silinena kuti mbiri yabwino iposa chuma chambiri? Ndikaiwononga ndidzatumikira bwanji?

Mkulu wa mpingo, Lilongwe

YANKHO

Akulu a mpingo, yankhulani. Koma musanapite kubwalo la mpingo pali kwina koyamba kufika, chifukwa nkhani mwandilemberayi si ya chigololo monga anzanuwo aitchulira. Mwana wa zaka 15 sachita chigololo ndi bambo womulipirira fizi. Amachita kugwiriridwa, ngakhale zitakhala kuti m'galimotomo anakwera yekha. Malamulo a dziko lino amatero: kugona ndi mwana wa msinkhu umenewu ndi mlandu waukulu woti chilango chake chimatha kufika pokhala kundende moyo wonse, ndipo mawu oti "anavomera yekha" khoti siliwamvera. Chiyambire 2017, pomwe Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Lamulo loteteza ana la 2010 nalonso silisiya nkhani zotere m'manja mwa achibale okha. Limati munthu wa m'dera akadziwa kuti mwana akuchitidwa zotere, adziwitse mfumu, apolisi kapena a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Inuyo mwadziwa. Matumba awiri a chimanga sathetsa mlandu umenewu ngakhale agogo atadinda chala papepala, pakuti mwini mlandu ndi boma.

Kupolisi funsani a Victim Support Unit, ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza. Ku Kamuzu Central Hospital kuli One Stop Centre, komwe mwana amaonedwa ndi achipatala, apolisi ndi aphungu pamalo amodzi, osamuyendetsa uku ndi uku kubwereza nkhani yomupweteka. Nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere ngati mukufuna kuyamba mwafunsa. Mwanayo ayambe sikelo msanga, chifukwa mimba ya msinkhu umenewu siichedwa kuvuta. Mumuuzenso kuti sukulu yake sinathe: kuyambira 1993 boma limalola mtsikana kubwerera m'kalasi akachira. Agogowo musakawakalipire. Munthu wogulitsa makala a m'timapepala, bwana wagalimoto atamubweretsera chimanga pakhomo, kukana n'kovuta. Alandira chifukwa cha njala ndi mantha. Mukawafotokozere bwino, mupite nawo limodzi.

Bamboyo ine sindikumuweruza. Ndamva mbali imodzi, inunso mwamva mbali imodzi. N'chifukwa chake nkhaniyi iyenera kupita kwa anthu amene ntchito yawo ndi kufufuza. Ngati ndi wosalakwa, kufufuzako kumuyeretsa kuposa manong'onong'o omwe akuyenda kalewa.

Tsono tibwere pa mbiri yanu, poti apa ndi pomwe pakukusowetsani tulo.

Vesi mwatchulalo lilipodi, pa Miyambo 22:1, ndipo Paulo naye pa 1 Timoteo 3:7 akuti woyang'anira mpingo akhale ndi umboni wabwino ngakhale kwa akunja. Sindikutsutsa. Mbiri imene akunena pamenepo ndi ija munthu amaisunga posaba chopereka, posaledzera, posazembera akazi a eni. Imeneyo isungeni ndithu mpaka imfa. Koma tadzifunsani chomwe anthu amakutengerani unkhoswe. Si jekete lanu. Amakhulupirira kuti mukanena chinthu ndi choona, ndipo kuti pogamula simuyang'ana thumba la munthu. Mbiri yotereyi ili ngati mpamba: mayi wa mumsika wa Tsoka akaumanga pachitenje osapikulira kanthu poopa kuluza, madzulo abwerera ndi ndalama yake yonse koma ana agona ndi njala. Mulungu wakhala akukuunjikirani ulemu zaka zonsezi kuti tsiku lina mudzaugwiritse ntchito pa munthu amene alibe wake. Mtsikanayo dzina lake linatha Lamulungu lija. Agogo ake akayankhula palibe angawamvere. M'dera lonselo, munthu amene mawu ake angaimitse bwalo ndi inu.

Pa Yohane 8 alembi ndi Afarisi adamubweretsera Yesu mkazi, amvekere tamugwira ali mkati mochita chigololo. Akuluakulu amenewo malamulo a Mose ankawadziwa pamtima, ndipo Levitiko 20:10 amatchula onse awiri, mwamuna ndi mkazi. Nanga mwamunayo adatsala kuti? Munthu sagwidwa m'chigololo ali yekha. Zimene lachita bwalo lanu ndi zomwezo, kungoti inu mwaposa: amene mwamuimika pakatiyo ndi mwana, wolakwiridwa.

Mfumu Sauli ndiye amandimvetsa chisoni kwambiri pa nkhani ya ulemuyi. Pa 1 Samueli 15 adavomera yekha kuti adachimwa chifukwa choopa anthu ndi kumvera mawu awo. Samueli atamuuza kuti ufumu wamuchokera, iye sadadandaule za Mulungu amene wamutaya. Pempho lake lidali loti mneneriyo amuchitirebe ulemu pamaso pa akuluakulu. Ufumu wapita, iye ali kalikiliki ndi kaonekedwe. Ngakhale Petro, mwala uja, matendawa adamugwira ku Antiokeya: ankadya bwinobwino ndi anthu a mitundu ina, koma atafika alendo ochokera kwa Yakobo adayamba kudzipatula poopa zomwe akanene kwawo. Paulo adamudzudzula pamaso pa onse, nkhaniyo n'kulembedwa pa Agalatiya 2, ndipo mpaka lero tikuiwerenga. Choncho musadzione ngati munthu woipitsitsa chifukwa mukuopa. Amene amagwidwa ndi mantha amenewa ndi anthu aulemu okhaokha. Chidakwa cha pa Chigwirizano chilibe choti chitaye.

Achinyamata owerenga tsamba lino mwina sadziwa kuti dziko lino lidatembenuka chifukwa atsogoleri ena a mpingo adalolera kutukwanidwa. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika mudawerengedwa kalata ya maepiskopi. Idanena za malipiro ochepa a anthu apantchito, za kuchepa kwa mankhwala ndi mabuku, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndi za mantha omwe ankatitseka pakamwa tonse. Adasayina ndi Ambuye James Chiona a ku Blantyre, Ambuye Matthias Chimole a kuno ku Lilongwe, ndi anzawo. Ine si Mkatolika, ndipo kalatayo idandipeza mwakabisira, mnansi wina ataikulunga m'pepala la shuga. Ndidaiwerenga usiku pa koloboyi zitseko zili zotseka, m'mawa n'kubweza, chifukwa boma lidali litalengeza kuti kupezeka nayo ndi mlandu woukira.

Lero timawatchula ngwazi, koma sabata imeneyo adali zigawenga. Apolisi adawapanikiza ndi mafunso maola ambiri ku Blantyre. Wailesi ndi nyuzipepala zomwe zidali m'manja mwa boma zidawanyoza tsiku ndi tsiku. Pamsonkhano wa chipani cholamula womwe udachitikira mumzinda uno ena adafika ponena kuti aphedwe, ndipo tepi yake idatuluka kunja dziko lonse n'kumva. Nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka, komwe kalatayo idasindikizidwa, idayatsidwa moto. Monsinyo John Roche, wa ku Ireland, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, adapitikitsidwa m'dziko mu Epulo. Anthu amenewa adali ndi ulemu wonse womwe mtsogoleri wa mpingo angaufune, mipando yakutsogolo pa zochitika za boma, ndipo akadakhala chete akadafa nawo. Posayina paja sankadziwa kuti pa 14 Juni 1993 kudzakhala riferendamu, anthu n'kusankha nyali ya zipani zambiri kusiya tambala wakuda wa chipani chimodzi. Ankangodziwa kuti zolembedwazo ndi zoona, ndi kuti mlimi wa kumudzi akazinena asowa, pomwe iwo mwina apulumuka chifukwa cha maina awo.

Ndati mwina, chifukwa sindikufuna kukunamizani. Nkhani ya 1992 idatha bwino, koma si zonse zimatero. Natani adauza Davide kuti munthuyo ndi inu, mfumu n'kulapa. Yohane Mbatizi adauza Herode zofananazo, mutu wake n'kuthera m'mbale. Ulembi wa mpingo uja muuwerengere kuti wapita. Ena amene mumadya nawo adzayamba kukupatsani moni wa patali. Pagulu la WhatsApp la mpingo mudzaponyedwa mavesi onena za ogawanitsa abale, osatchula dzina koma aliyense akudziwa. Pa Pepa Sande yotsatira ndalama zikadzachepa, adzati ndi inu mwathawitsa mlendo wolemekezeka. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo ukulu wa mpingo mudauvomera nokha mutaimirira kutsogolo.

Mayi a kunyumba musawaone ngati Yezebeli. Akunena zoona, ndipo nkhonya zina zidzagwera iwo, kuchigayo, kumsika, ndi kumsonkhano wa amayi komwe inu simufikako. Khalani nawo pansi musanachite chilichonse. Muwafunse kuti akadakhala mdzukulu wawo akadafuna mkulu wa mpingo achite chiyani. Kenaka muwapemphe kuti kwa agogo kuja muzipita limodzi. Kuyambira lero musakumanenso ndi mtsikanayo muli nokha, ngakhale panjira. Pazikhala mayi anu kapena mayi wina wokhwima maganizo wa mumpingo. Mphekesera yoti mimba ndi yanu ingabwere ndithu, pakuti munthu wopanikizika amagenda ndi chilichonse chomwe watola, koma isapeze poponda.

Pali chinanso chomwe ndiyenera kukuchenjezani, poti masiku ano chafala. Ena amataya mbiri imodzi pofuna kugula ina yokulirapo. Amaimirira pa Facebook, foni kumaso, kudzudzula mpingo wonse kuti anthu aziti koma abale uyu ndiye mneneri wosaopa. Uko si kulimba mtima, ndi njala yomwe ija ya Sauli itavala malaya ena. Ndipo amene amapwetekera pamenepo ndi mwanayo, chifukwa nkhani yake imafika ku Mchesi, ku Biwi mpaka ku Area 25 iye asanafike n'kusikelo komwe. Dzina lake, sukulu yake, chithunzi chake, zisatuluke kudzera mwa inu.

Kumpingo yendani mwadongosolo. Yambani mwaonana ndi abusa anu paokha, muwauze zomwe mwamva ndi zomwe mwachita kale kuboma. Musakapemphe chilolezo chokanena kupolisi, mukangowadziwitsa. Wina akakutsegulirani Mateyu 18 kuti nkhani za abale zimathera m'nyumba, mumuyankhe kuti ndimeyo ikunena za mbale amene wakulakwira iwe, siikunena zobisa munthu wogwirira ana. Mukatero lembani kalata yopita kubwalo la akulu a mpingo, yokhala ndi tsiku, ina musunge. M'kalatamo mupemphe kuti chilango chomwe mwanayo wapatsidwa chichotsedwe, ndipo achichotsere pomwe adachilengezera, komanso kuti bamboyo atule kaye maudindo ake mpaka kufufuza kutatha. Muumirire kuti zokambiranazo zilowe m'maminitsi. Bwalo likakana, mpingo uliwonse uli ndi akuluakulu a pamwamba pake. Kalata yomweyo ipite kumeneko. Musanalowe m'bwalomo yendani kwa akulu anzanu awiri kapena atatu amene mukuwadziwa mitima. Mudzadabwa kupeza kuti amene nkhaniyi ikuwadya m'mimba si inu nokha, kungoti aliyense akudikira woyamba.

Adzakuuzani kuti mukuyalutsa mpingo. Mpingowo unayaluka kale. Anyamata a kabaza pa siteji akudziwa galimoto yomwe inkaima pafupi ndi sukulu ija, amayi a pa kiyosiki ya madzi akudziwa, ndipo atsikana a kwaya amene anakhala chete dzina la mnzawo likuwerengedwa akudziwa kuposa inu. Iwowo aphunzirapo kale kuti zikadzawachitikira asadzauze mkulu wa mpingo aliyense. Ngati bamboyo anachitadi zimenezi, ndikukayika kuti amene ankamulipirira fizi ndi mmodzi yekhayu.

Za malata musade nkhawa. Akafuna kukazula akazule. Mipingo yambiri yomwe lero ili ndi matchalitchi a matailosi idayambira pansi pa mtengo ndi m'makalasi a pulaimale, ndipo Mgonero unkadyedwa bwinobwino. Mundilemberenso zikafika pena.

FUNSO

Abusa, amuna anga ndi m'busa kuno ku Area 25. Mwezi watha kunamwalira mayi wina amene adadulidwa kalekale chifukwa ankagwira ntchito m'mabala a ku Bwandilo. Mpingo unati suimba. Abusa anapitabe okha, atavala kolala, n'kulalikira. Wina anawajambula ataima pakati pa anzake a malemuwo, ena ali ndi mabotolo m'manja, ndipo chithunzicho chazungulira paliponse. Akhristu akuti anyozetsa kolala. Ine manyazi andigwira moti kumsonkhano wa amayi ndikuchita kudzikakamiza. Ndiwauze asiye zoterezi?

Mayi busa, Area 25

YANKHO

Amayi busa, musawaletse. Ulaliki wa pamaliro sapangira womwalira, uja wapita kale kwa Mwini wake amene akudziwa zomwe ife sitidziwa. Amapangira otsala. Amayi a mabotolo aja pa tchalitchi panu sangafike, ndipo atati afike ndikudziwa m'mene mabenchi angawayang'anire. Tsiku limenelo anakhala pansi okha, mitima itasweka, kumva Mawu kuchokera kwa munthu amene sanawanyansidwe. Abusa ambiri amapuma ntchito asanaupeze mpata wotere. Mwini kolalayo naye adamutchula wosusuka, wokonda vinyo, bwenzi la amisonkho ndi ochimwa. Zili pa Mateyu 11:19, ndipo amene ankanena zimenezo adali anthu opemphera kwambiri a nthawi imeneyo.

Pamene ndingawadzudzule abusa anu ndi pamodzi. Ngati anapita mozemba, osauza akulu a mpingo, pamenepo anaphonya. Lamulo losaimbira wodulidwa ndi la mpingo wawo, ndipo iwo adalonjeza kuyenda m'malamulo amenewo. Akadaitana akuluakuluwo n'kunena poyera kuti kwaya ndi yunifomu sindikakamiza, koma ine ngati m'busa ndikapepesa ndi kulalikira, amene akufuna atsagane nane. Akadatsutsidwabe, koma palibe akadati anachita mwakuba. Ngati akuona kuti lamulolo likupweteka anamfedwa kuposa kuphunzitsa amoyo, akalitsutse kumisonkhano komwe malamulo amapangidwira, ndi dzina lawo, osati kumangolidumpha mwakachetechete maliro akagwa.

Manyazi anuwo ndikuwamvetsa. Mayi busa amasenza zolakwa za mwamuna wake ndi zabwino zomwe, pomwe pa udindowo sadachite kufunsira. Koma mukapitiriza kuyenda chozolika, amayi anzanuwo aziyesa kuti nanunso mukuvomereza kuti panachitika chonyansa. Pitani kumsonkhano, khalani pamalo panu, ndipo wina akaiyamba muyankhe mofatsa kuti inde anapita, ndipo ulendo wina tidzapitira limodzi. Mukatero muwafunse amayiwo ngati alipo akudziwa komwe kuli ana a malemuwo, amene akuwasunga, ndiponso ngati akupita kusukulu. Ngati palibe akudziwa, musankhe awiri oti Loweruka likubwerali apite nanu kukafufuza, mutanyamula ufa ndi sopo.